Jogo ya Clemente Itafika ku Furancungo

Koluna inalowa mu Furancungo dzuwa litapendeka: magalimoto asanu ndi awiri odzaza ufa ndi mchere, asilikali kutsogolo, asilikali kumbuyo. Chinali chaka cha 1991, mvula ikupita kumapeto, ndipo panali patatha miyezi iwiri anthu asanaone galimoto yochokera ku Tete.

Aliyense anathamangira kumsewu. Marcelina sanatuluke.

Iye anali namwino pa kachipatala ka pamalopo, ndipo kuyambira m'mawa anali asanakhaleko pansi. Kwawo kunali ku Tsangano, koma kwawoko kunalibenso munthu. Mayi ake ndi azing'ono ake anathawira ku Malawi tsiku lomwe mudzi wawo unatenthedwa, iye n'kutsala kuno akumanga zilonda za eni ake. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, koma msana unkamupweteka ngati wa nkhalamba.

"Odi, sinyora enfermera! Munthu wopsa amafera pakhomo kapena amaloledwa kulowa?"

Marcelina anatembenuka. Pakhomo panaima mwamuna wamtali, malaya ali bii ndi mafuta a galimoto, mkono wamanzere ataukulunga m'chisanza. Ankamwetulira ngati wabwera ku ukwati.

"Lowani. Mwapsa ndi chiyani?"

"Madzi a mu injini. Galimoto yanga ndi yansanje. Inamva kuti kuno kuli namwino wokongola, ndiye inati ndifike wolumala."

"Khalani apo. Dzina?"

"Clemente. Woyendetsa galimoto yachitatu. Wosakwatira."

"Zomalizazo sindinafunse."

"Ndangothandiza, mwina papepalapo pali malo ake."

Natália, namwino mnzake yemwe ankakhala naye nyumba imodzi, anaseka mpaka kugwetsa beseni. Marcelina sanaseke. Koma pomwe ankatsuka chilonda chija anamva milomo yake ikufuna kumupandukira. Kodi anali ataseka liti komaliza? Sanakumbukire.

Koluna ija inayenera kubwerera mawa lake, koma kunamveka zoti panjira pakwiriridwa mabomba, ndiye inakhala masiku khumi. Masiku onsewo Clemente ankabwera kudzasinthitsa nsalu ya pachilonda, ngakhale chilondacho chinali chitayamba kale kuuma.

Pofika tsiku lachisanu "inu" anali atatha, kwatsala "iwe". Atamva kuti Marcelina ndi wa ku Tsangano, dziko la mbatatesi, anamupatsa dzina.

"Kachewere wanga! Wa m'nthaka yozizira, wokoma wopanda ndiwo."

"Ndiye chikondi chake chimenecho, kunditchula chakudya?"

"Ndi njala ilipoyi, Lina, pali dzina loposa limenelo?"

Apo Marcelina anaseka ndithu, kuseka kochokera pansi pa mimba, mpaka odwala a pakhonde anasuzumira kuti aone chachitika n'chiyani.

Masana ena atakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa chipatala, Clemente anatsitsa mawu ngati akuulula chinsinsi.

"Ku Tete kuli chinthu, Lina. Kabokosi kakang'ono chonchi. Umakalumikiza ku televizau ndi chingwe, n'kulowetsamo kaseti. Amati jogo. Iwe umagwira kamtengo m'manja, ndiye kamunthu ka mu televizau muja kamachita zomwe iwe ukufuna. Ukati kumanja, kapita kumanja. Ukati lumpha, kalumpha!"

"Bodza."

"Pali mayi anga! Muli mpira. Muli mpikisano wa magalimoto, msewu wake wosalala, wopanda bomba. Muli kamunthu kena kongoyenda m'munda n'kumathyola zipatso. Mitundu yake, Lina! Masamba obiriwira, zipatso zofiira, thambo lopanda utsi."

"Nanga kamunthuko kakagwera m'dzenje?"

"Kamafa. Koma umangodina batani, kadzukanso."

 M'mawa womwewo Marcelina anali atatseka maso a mayi wina wa ku Chidzolomondo yemwe abale ake anabwera naye pamachira mochedwa. Kungodina batani, munthu n'kudzukanso? Kunja kuno kuli zinthu!

"Ndikufuna ndidzakaone kamunthu ka m'mundako," anatero motsitsa mawu.

Clemente anamugwira dzanja.

"Ndidzakubweretsera. A Francisco a kantina ya kumsika aja ali ndi televizau ndi motoro wa magetsi, zangokhala chifukwa makina awo a mafilimu anafa. Ndalankhula nawo kale. Tidzaika jogo kumeneko, ine n'kusiya msewu. Ndatopa kuyenda imfa ili pansi pa matayala. Tidzakwatirana, kenako tidzapite ku Malawi ndikagwade pamaso pa mayi ako. Ndikanama, mtima wanga, mphezi indiombe dzuwa likuswa mtengo!"

Tsiku lakhumi ndi chimodzi koluna inanyamuka. Marcelina anaima kumsewu mpaka fumbi litakhazikika.

A Francisco sankadziwa kusunga nkhani. Sabata isanathe, Furancungo yense anali atamva za jogo. Iwo anapaka njereza chipinda cha kuseri kwa kantina, anakhoma mabenchi asanu ndi imodzi, nayamba kusunga mafuta a motoro m'kachigubu, dontho ndi dontho, mwakuti madzulo ankalola kukhala mumdima.

Nkhaniyo ikamayenda inkanenepa. Ena ankati m'bokosimo mumatuluka fungo la zipatso. Ena ankati munthu ukhoza kuonamo abale ako amene anathawira kutali. Amayi obwera kusikelo ankayamba ndi funso lomwelo asanamasule n'komwe mwana kumsana, akumutchula "mana", ndiko kuti achemwali.

"Mana Marcelina, jogo ija ifika liti?"

"Posachedwa, mayi."

Anthu amenewa anali atatopa. Kukamveka mphekesera zoti adani akubwera ankakagona kutchire, m'mawa n'kubwerera kudzaona ngati nyumba zikadalipo. Kumunda ankapita m'magulu, khutu limodzi lili kuphiri. Ndiye atapeza chinthu choti adikire, chosakhala ufa kapena maliro, anachigwira ndi manja awiri.

Koluna yotsatira inafika patatha miyezi iwiri. Clemente munalibe. Woyendetsa wina anapereka kwa Marcelina kapepala kopinda kanayi.

"Kachewere wanga, andiika kaye pa msewu wa ku Zóbuè. Thupi lili kuno, mtima ndinausiya pansi pa mango aja. Jogo ndaipeza, ndikungodikira makaseti. Saudades, ndakusowa! Wako mpaka m'manda, Clemente."

Anakawerenga kasanu, n'kukabisa m'thumba la yunifomu.

Koluna yomweyo inabweretsanso kalata ina, ya chidindo. Zaka ziwiri m'mbuyomo Marcelina anapempha kuti amusamutsire ku chipatala chachikulu cha ku Tete, ndipo anali ataiwala n'komwe. Tsopano yankho linafika: malo apezeka, amodzi okha.

"Mana, wapulumuka!" anakuwa Natália akumukumbatira. "Ku Tete anthu amagona pabedi mpaka kucha! Kuli mankhwala! Komanso Clemente wako ali komweko. Ukufunanso chiyani?"

Marcelina analembera Clemente kalata mwachimwemwe. "Meu amor, wokondedwa wanga, usavutikenso ndi ulendo. Ndine amene ndikubwera. Ndinyamuka ndi koluna ikubwerayi."

Yankho linabwera ndi koluna yomwe anayenera kukwerayo, katundu atamanga kale.

"Lina wanga, chonde usabwere! Ku Tete kukutentha ngati ng'anjo, nyumba kulibe, anthu akugona m'makonde. Ine ndikusamukira konko, ndatsala pang'ono. Ukachoka, jogo ndidzaipereka m'manja mwa ndani? Ndidikire pomwe ndinakupeza, duwa langa. Moyo wathu uli ku Furancungo."

Marcelina anakhala pa katundu wake nthawi yaitali. Kenako anadzuka, napita kwa mkulu wa chipatala kukapempha kuti malo aja apatsidwe kwa Natália.

Natália atamva anagwira pakamwa.

"Wapenga, mana? Ukusiya Tete chifukwa cha kabokosi komwe sunakaonepo?"

"Si bokosi ayi. Ndi munthu."

"Munthu amene unamuona masiku khumi!"

"Masiku khumi amenewo ndi okhawo amene ndinaseka chaka chino. Pita, Natália. Ukandigonereko pabedipo."

Natália analira, koma anakwera. Ndani akanakana?

Kuyambira pamenepo ntchito ya anthu awiri inagwera pa mutu umodzi. Marcelina ankabereketsa, ankasoka, ankawiritsa nsalu zakale kuti zikhale zomangira zilonda. Anaonda mpaka yunifomu inkamulendewera.

M'nyengo yotentha koluna ina inaomberedwa pafupi ndi mlatho. Ovulala anafika nawo masana, atawaunjika m'galimoto imodzi. Marcelina anakwera m'galimotomo n'kuyamba kutembenuza nkhope imodziimodzi, akufunafuna Clemente. Uyu si iye. Uyunso si iye. Atafika pa womaliza n'kuona kuti ndi mlendo, anathokoza Mulungu mokweza, kenako anachita manyazi, chifukwa mlendoyo naye anali mwana wa munthu, ndipo anali atatsirizika.

Kodi chikondi n'chimenechi? Kusangalala kuti wafa ndi wina?

Makalata ankabwerabe, aafupi, otsekemera. "Kwatsala pang'ono, nthanda yanga." "Kaseti ya mpira yafika, ndikudikira ya munda." Anthu ena anayamba kuseka akamuona akudutsa. A Francisco okha ndi amene sanafooke. Mabenchi aja ankawapukuta Loweruka lililonse.

Mvula yoyamba itagwa, Loweruka lina masana, kunamveka kulira kwa magalimoto. Ulendo uno Marcelina anathamanga. Galimoto yachitatu itaima, anatsika Clemente, wamoyo, wathunthu, atakumbatira katoni.

"Kachewere wanga! Ndinanama?"

 Marcelina anangomugwera pachifuwa n'kulira, anthu onse akuona. Woyendetsa wina anamupatsa envulopu nati yachokera kwa Natália. Iye anangoilowetsa m'thumba la yunifomu osayang'ana n'komwe. Maso ake anali pa Clemente basi.

Lamlungu anthu atatuluka m'tchalitchi sanapite kwawo. Onse analunjika kwa a Francisco. Chipinda chija chinadzaza mpaka ena kukhala pamiyendo ya anzawo, ndipo otsala panja anali ambiri kuposa olowa. Mazenera anawatseka ndi masaka kuti chithunzi chioneke bwino. Marcelina anavala kapulana yake yatsopano, chitenje chomwe ankasungira tsiku la chinkhoswe, nakhala pa benchi ya kutsogolo.

Motoro unatsokomola kawiri, n'kuyamba kulira. Televizau inayaka, koma munkangooneka timadontho tambirimbiri tonga nyerere. Clemente anapotoza apa, nagwedeza chingwe apo, thukuta lili kamukamu.

"Kwezani mawu mpaka kumapeto," anatero a Francisco monyadira. "Akunjawo amveko nawonso."

Chithunzi chinabwera. Chinalibe mtundu uliwonse, chakuda ndi choyera basi. Pansi panali kabokosi kokhala ndi kamphuno koloza kumwamba. Pamwamba pankadutsa timitanda tating'ono, tikugwetsa timadontho. Anthu anayang'anana. Munda uli kuti?

Clemente anadina batani.

Tatatatata! Phuu! Tatatata!

"Alowa!" anakuwa munthu wina panja. "Atilowera!"

Zomwe zinachitika pamenepo palibe anaziganiza, miyendo inaganiza yokha. Mabenchi anagubuduzika. Anthu anapanikizana pa kakhomo kamodzi, ena n'kung'amba masaka kutulukira pazenera. Kumsika amayi anasiya malichero n'kulowa m'chimanga, ana ali kumsana. Msilikali wina kumsewu, posadziwa komwe mdani ali, anaombera m'mwamba, ndipo ngakhale amene ankakayika anathawa.

Marcelina anadzipeza ali chafufumimba pansi, manja ataphimba mutu, kapulana yatsopano ili m'fumbi. Pafupi naye, pansi pa benchi, panabisala bambo wina yemwe bomba linamudula mwendo chaka chathacho. Ndodo zake zinali zitaponderezedwa kutali, ndipo ankanjenjemera thupi lonse osatulutsa mawu.

"Ndi jogo chabe! Bwererani!" Clemente ankakuwa. "Si zenizeni!"

Panapita nthawi anthu asanayambe kutuluka m'chimanga. Obwerera m'chipindamo sanakwane makumi awiri. A Francisco anatsitsa mawu a televizau, nkhope ili yakugwa.

"Chabwino, mwanawe. Chotsa imeneyo. Ika ya mpira."

Clemente anakanda m'mutu. "Ya mpira... sinapezeke, bambo."

"Ya magalimoto?"

"Ilipo ndi yomweyi."

"Nanga ya munda, Clemente?" anafunsa Marcelina akudzisasa fumbi.

Clemente anayang'ana pansi.

Anayesabe kuwaonetsa kaseweredwe kake. Timitanda tija ndiye ndege, kabokosi kaja ndi kasinja wankhondo. Ukaombera ndege zonse, zimabweranso zina zofanana nazo. Ukaphedwa, umayambiranso pomwe paja. Palibe komwe umapita. Mphunzitsi wina anagwirako kamtengo kaja, naphedwa katatu asanamvetse n'komwe, n'kubweza mwaulemu.

Mayi wina wachikulire anaimirira namanga nsalu yake bwinobwino.

"Mwana wanga, ulendo wonsewu kuchokera ku Tete watinyamulira nkhondo m'bokosi? Ife yathu tili nayo kale. Yathuyo siifuna n'motoro womwe."

Anatuluka. Ena anamutsatira mmodzimmodzi, opanda ngakhale mphamvu yotukwana. Posakhalitsa kabokosi kaja kanayamba kununkha ngati mphira wopsa, kanatulutsa kautsi, chithunzi n'kuzima. A Francisco anakazimitsa motoro, nakhala pa benchi yothyoka akuyang'ana kachigubu kawo kopanda kanthu.

Madzulo onse a tsikulo Marcelina anali kuchipatala. Anasoka mitu iwiri, natsuka mawondo osupuka osawerengeka, namanga dzanja la mayi wina wogulitsa tomato lomwe linathyoka pakhomo paja. Dzuwa likulowa, Clemente anabwera naima pakhonde ngati galu wonyowa.

"Ndakuchititsa manyazi, Lina."

Marcelina anamuyang'ana. Mumtima munali mopweteka, koma anamumvera chisoni.

"Zilibe kanthu. Ine sindimadikira bokosi, ndimadikira iwe. Wabwera, basi. Katundu wako ali kuti?"

"Eya... nkhani yake ndi imeneyo, mtima wanga. Ndiyenera kubwerera kamodzi kokha. Ndikakonzetse makinawa, ndikapeze makaseti enieni aja. Koluna inyamuka mawa masana. Ulendo womaliza, ndikulumbira!"

Marcelina anangogwedeza mutu. Analibe mphamvu yofunsa.

Lolemba m'mawa, povala yunifomu, anamva pepala likukhwekhwereza m'thumba. Kalata ya Natália! Anakhala pa mpando wa odwala naitsegula.

"Mana wanga wokondedwa, ndalemba kalatayi katatu n'kumaing'amba. Kuno anandiika ku chipinda cha amayi oyembekezera. Mwezi watha ndinabereketsa mayi wina dzina lake Cecília, mwana wamkazi, wachitatu. Mwamuna wake atabwera kudzawatenga, ndinagwetsa mbale. Mana, ndi Clemente. Chipsera cha pamkono chija ndinachiona ndi maso angawa. Iye atandizindikira anandikokera pambali n'kundipempha kuti ndisakuuze. Cecília ndi munthu wabwino, sadziwa kanthu. Anakwatirana kutchalitchi zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Ndikhululukire, mana. Ndikugona pabedi lomwe linali lako, ndipo tulo sitibwera."

Marcelina anawerenga kamodzi kokha. Sanalire. Anapinda kalatayo bwinobwino, natuluka.

Anamupeza Clemente pamalo oimika magalimoto, akuthira madzi mu injini uku akuimba mluzu.

"Kachewere wanga! Wadzuka bwanji?"

"Mwana ali bwanji, a Clemente?"

"Mwana uti? Nanga bwanji ukunditchula ngati mlendo?"

"Wamkazi uja. Wa mwezi watha. Mayi ake a Cecília achira?"

Chitini cha madzi chinapendekeka m'manja mwake, madzi n'kumathira pa nsapato osazindikira.

"Natália," anatero chapansipansi.

"Inde, Natália. Yemwe ndinamupatsa malo anga chifukwa inu munati ku Tete kulibe nyumba. Nyumba ilipo, eti? Ili ndi ana atatu."

"Lina, tamvera. Ukwati umene uja ndi wa makolo, mtima wanga sunalowemo. Iwe ndiwe..."

"Musanditchulenso dzina lililonse. Ndakhuta."

"Ndimati ndikuuze, koma ndimaopa kukutaya! Ndi nkhondo iyi, Lina. Munthu ukanyamuka m'mawa sudziwa ngati ukafika. Ndiye ukapeza pomwe mtima wapuma, uchite bwanji?"

"Pomwe inu mumapumapo, ine ndimatembenuza mitembo kufunafuna nkhope yanu. Mukudziwa zimenezo? Ndinathokoza Mulungu pa mtembo wa mwana wa eni ake chifukwa cha inu!"

 Oyendetsa ena anali atasiya ntchito, akunamizira kuyang'ana matayala.

"Ndiuzeni chinthu chimodzi chokha, ndipo lero lokha musaname. Kamunthu ka m'munda kaja, kothyola zipatso. Munakaonadi?"

Clemente anaika chitini chija pansi.

"Ndinaona chithunzi chake pa katoni, pa zenera la sitolo," anayankha osamuyang'ana. "Sindinalowemo. Kabokosi aka ndi kakale, anandipatsa mlamu wanga ana ake atatopa nako. Ndinali ndisanakayatsepo n'kale lonse. Ndimaganiza kuti zonse n'zofanana."

"Ndiye mpira, magalimoto, thambo lopanda utsi..."

"Unali wotopa, Lina. Tsiku lija ndinaona nkhope yako, ndinangofuna kuti useke."

Marcelina anapuma mozama. Chodabwitsa n'chakuti pa zonse zomwe mwamunayu analankhulapo, izi zokha ndi zomwe zinamveka zoona, ndipo ndi zomwe zinapweteka koposa.

"Ndinaseka. Munakhoza."

"Kwera, tipite limodzi ku Tete! Pompano! Ndikakupezera kachipinda, tikaona chochita. Sindingakusiye kuno."

"Ndikakhale ngati ndani? Malo anga a ntchito ali ndi mwini wake. Malo a m'nyumba mwanu ali ndi mwini wake. Pitani, a Clemente. Mukafike bwino, chifukwa ana atatu aja sanalakwe. Koma mukadzapsanso, mudzapite chipatala china."

Anatembenuka. Clemente anamuitana kawiri, koyamba "Lina!", kachiwiri "Marcelina!" Iye sanacheuke. Anayenda osaima mpaka kuchipatala.

Pakhonde la chipatala panali kale mzere. Anasamba m'manja, nayamba ndi mwana wa malungo, kenako bambo wa chifuwa. Pakati pa ntchito anang'amba pepala m'kaundula wakale n'kulemba pempho latsopano loti amusamutse, kulikonse komwe kungapezeke malo. Ankadziwa kuti loyamba lija linatenga zaka ziwiri. Analembabe, nalipereka kwa mkulu wa chipatala kuti lipite ndi koluna yomweyo.

Masana magalimoto analiza injini. Anthu ochepa okha ndi amene anapita kumsewu. Galimoto yachitatu itafika moyang'anana ndi chipatala inachepetsa liwiro n'kuliza hutala katatu, motalika. Marcelina anali atagwada, akumasula nsalu pa dzanja la mayi wa tomato uja kuti aone ngati latupa. Misozi iwiri inagwera pa nsaluyo. Anaipukuta ndi chala mwamsanga.

Mayiyo anasuzumira kumsewu, kenako anayang'ana namwinoyo.

"Mana Marcelina, akuti apita kukatenga kaseti ina, ya munda ija. Ndi zoona? Ibwera liti?"

Kulira kwa magalimoto kunali kukuzimirira kumbali ya mlatho.

"Siibwera, mayi," anatero Marcelina. "Tambasulani zala, ndione ngati zikugwedezeka."